Khomo la Abiti Lajabu

Munthu akandiuza kuti boma silingathe kudziwa kumene aliyense amakhala, ndimamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako ndimamukhazika pansi kuti amve za Abiti Lajabu. Sindimuuza mokoma ayi. Nkhani imeneyi ndikaiyamba mtima umandipsa ngati yachitika dzulo.

Dzina lawo linali Subira, koma kwathu ku Likoswe mkazi wachiyao timamuitana ndi dzina la bambo wake, ndiye tonse tinkangoti Abiti Lajabu. Ine ndine Selestina. Tinabadwira m'mudzi umodzi, amuna athu anatipeza pomwepo, ndipo nyumba zathu zinangolekana ndi mzere wa nandolo. Iwo anali Msilamu, ine Mkatolika wachilomwe. Za m'mphika mwanga ankadya nyemba za kalongonda zokha, nazonso atayamba afunsa kuti mphikawo unaphikapo chiyani dzulo. Ine za kwawo ndinkadya zonse osafunsa. Ankandinena kuti pakamwa panga palibe chitseko, ine n'kumawayankha kuti pawo chitseko chilipo koma kiyi anataya kalekale.

Anali mayi wamfupi, wa manja akuluakulu osayenerana ndi msinkhu wawo. Manja amenewo ankalima dimba la tomato ndi mpiru, n'kukweza dengu pamutu kukagulitsa m'mbali mwa msewu pa Njuli. Koma ntchito imene inawadziwitsa kwa anthu inali ina. Mkazi wachisilamu akamwalira, uthenga unkayamba wafika kwa Abiti Lajabu, chifukwa ndiwo ankasambitsa maliro a akazi ndi kuwakulunga mu nsalu yoyera ya sanda. Mwamuna akamwalira, ndiwonso ankalowetsa mkazi wake mu eda. Eda ndi nthawi imene wamasiye amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola, osavala zowala, osapita kumsika kapena kuukwati, osacheza ndi amuna achilendo. Amati mashehe amalola kutuluka masana pakagwa vuto lenileni, koma kwathu akazi ankasunga eda mouma kuposa mashehe eni ake, ndipo woumitsa wake anali Abiti Lajabu. Tsiku lina ndinawamva akudzudzula mtsikana wamasiye chifukwa chongoima pampanda kuyang'ana basi ikudutsa. "Mwamuna wako anakupempha zambiri ali moyo," anatero. "Ichi n'chomaliza. Mpatse chathunthu." Mtsikanayo analowa m'nyumba akulira.

Mwamuna wawo anali Che Twaha, wochokera ku Ndunde, telala wosoka pakhonde la sitolo pa Njuli. Anali munthu wofatsa wotopetsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ana anabereka angapo koma anakula mmodzi yekha, mnyamata, dzina lake Asumani.

Tsono tamverani mmene boma linkawadziwira mayi amenewa. Sanapondepo ku ofesi iliyonse kukanena kuti ine ndilipo. Sukulu sanaione m'kati. Koma ufulu utangobwera, anyamata a chipani anafika pakhomo pawo ndi makhadi, dzina akulidziwa kale. Chaka china anawapeza ali oyembekezera, n'kuwapatsa makhadi awiri, lina la wam'mimba. Mwanayo anabadwa wakufa, koma khadi anali nalo. Akalembera owerenga anthu ankabwera nthawi yawo ikakwana, kuwoloka mtsinje, kukwera mtunda, kukhala pamphasa ya Abiti Lajabu n'kumwa thobwa lawo, kufunsa mayina a onse ogona m'nyumbamo, n'kulemba nambala pachitseko ndi choko. Palibe amene anawauza kuti khomo lili kuti. Analipeza okha.

Nanga zovina? Panali mayi Bernadetta, wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu, munthu wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Kukakhala kuti kukubwera akuluakulu, lole inkaima pabwalo la sukulu, mayi Bernadetta n'kumaitana mayina. Sankasowa ndi pepala lomwe, tonse tinali m'mutu mwawo. Ukachedwa ankakulondola kudimba, khasu n'kulisiya pomwepo. Palibe tsiku limene ine kapena Abiti Lajabu tinalembetsa kuti tikufuna kuvina. Kubadwa mkazi ku Likoswe ndiye kunali kulembetsa kwake. Tinkavina mpaka mapazi kutupa, titavala nsalu ya chipani imene Che Twaha yemweyo ankatisokera, tomato akuwolera m'munda.

Asumani anakula wamtali ngati bambo wake, koma pakamwa anatenga pa ine, mwina chifukwa ankaswera kwathu. Ankaphwanya miyala ku Njuli n'kumasunga mbuzi yake imodzi yoti idzadyedwe paukwati wake. Chaka cha 1985 anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kutolera mphatso za akuluakulu, kwina mazira, kwina nkhuku. Kwa Abiti Lajabu anamasula mbuzi ija. Asumani sanamenye munthu, sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Kodi munthu mmodzi yemweyo ali ndi mimba zingati?" Basi, mawu ake anali amenewo. Paja akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Sabata isanathe galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo, dzuwa lili paliwombo, anthu tikuona. Amuna amene anatsikamo sanafunse njira kwa aliyense. Anaitana dzina lake lonse, ndi la bambo wake lomwe, n'kumukweza.

Sanabwerenso. Che Twaha anatha nsapato kuyenda, ku boma, ku polisi, ku ndende iyi ndi iyo, kulikonse akumuuza kuti dzina limenelo kulibe. Ena ankati anamuona kwakuti, ena ankati anafa chaka choyamba chomwe. Palibe amene anabwera kudzanena kuti mwana wanu wamwalira, ndipo pa chifukwa chimenecho maliro sanachitike. Munthu sumuchitira sadaka usanamve kuti wafa. Tangoganizani, mayi amene anasambitsa akufa a mudzi wonse, wake yekha osamuona ngakhale chala. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwezi wotsatira lole inabwera monga mwa masiku onse, mayi Bernadetta anaitana dzina, Abiti Lajabu anakwera. Anavina pafupi ndi ine, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Che Twaha naye anapitiriza kusoka nsalu zija, mutu uli pansi.

Zisankho zinkachitika m'zaka zimenezo, koma Abiti Lajabu sankazilabadira. Ankati kusankha pakati pa tambala ndi tambala mnzake ndi ntchito ya nkhuku zazikazi. Koma 1993 itafika, wailesi inayamba kunena za riferendamu, kuti anthu asankhe okha: tambala wakuda ngati ukufuna chipani chimodzi chipitirire, nyali ngati ukufuna zipani zambiri. Tsiku limene ndinawafotokozera zimenezi tinali kudimba. Anaimika khasu.

"Achemwali, mukuti munthu akalowa yekha, popanda womuona?"

"Yekha ndithu."

"N'kunena kuti iyayi?"

"N'kunena kuti iyayi."

Kenako anati, "Amenewo ndiye maliro a Asumani. Ndikaponya kapepala kameneko, ndamuika mwana wanga." Kuyambira tsiku limenelo ankafunsa za riferendamu ngati mwana wofunsa za Idi. Anatenga nyali yawo yagalasi n'kuiika pawindo kuti aizolowere maso, asadzasokoneze pa tsikulo.

Apa ndiye pamene boma linaiwala mwadzidzidzi njira yopita kumakomo athu. Anati aliyense wofuna kuvota apite yekha kusukulu akalembetse, alandire chiphaso, ndipo masiku olembetsa akatha, atha. Boma lomwe lija lodziwa ndi wam'mimba yemwe, tsopano linakhala pampando kuseri kwa tebulo kudikira kuti tikadzionetse kuti ndife anthu.

Kulembetsa kunayamba mu Epulo, chimanga chikuuma m'minda. Che Twaha ndi Abiti Lajabu anapangana zopita limodzi tsiku loyamba lomwe. Koma m'mawa mwake kunabwera uthenga wa maliro a mayi wina kutsidya, ndipo maliro achisilamu sagona. Abiti Lajabu anatenga nsalu yawo n'kunyamuka, nati kwa mwamuna wawo, "Tsogolani, ine mawa." Che Twaha anapita, analembetsa, anabwera ndi chiphaso chake m'thumba la mkanjo, komanso akudandaula m'chifuwa. Mawa lake sanadzuke. Chinali chibayo. Abiti Lajabu sanachoke pambali pake, ndipo sabata imeneyo isanathe Che Twaha anamwalira. Anamuika tsiku lomwelo. Pofika madzulo Abiti Lajabu anali atalowa mu eda, ndipo mlongo wake wa malemuyo, Sakina, anabwera kuchokera ku Ndunde kudzakhala nawo monga mwa mwambo.

Ine ndinawerenga miyezi m'zala n'kuona kuti eda idzatha kulembetsa kutapita kalekale. Ndinati palibe vuto, ndikawalembetsera ndine. Patebulo panali aphunzitsi a Benedicto, munthu wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, woti Abiti Lajabu amawadziwa bwino lomwe chifukwa ankagula tomato kwa iwo.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzalembetsa Abiti Lajabu. Ali mu eda, mukudziwa."

"Ndamva, mayi, pepani. Koma lamulo likuti mwini wake abwere yekha."

"Simukuwadziwa kodi?"

"Ndikuwadziwa."

"Zaka zawo mukukayika?"

"Iyayi, mayi."

"Tsono nyamulani bukulo tipite. Denga lawo ndi ilo likuoneka apo, kuseri kwa nthochi. Mukaime pakhonde, iwo akayankha ali m'kati, chala akatulutsira pawindo."

"Buku silichoka patebulo pano."

Apa ndiye chitseko cha pakamwa panga chinachoka ndi mafelemu omwe. Ndinawafunsa kuti makhadi aja ankayenda ndi miyendo ya ndani. Ndinawafunsa kuti choko cha pachitseko chija chinkadzilemba chokha kodi. Ndinati pofuna kutenga mumafika mpaka kuchipinda, koma lero poti n'zopatsa, miyendo yathyoka. Anthu pamzere ena anaseka, ena anayang'ana kumbali, chifukwa mantha anali asanathe nthawi imeneyo. A Benedicto anangoti, "Mayi, ine sindinapange lamuloli." Ndikudziwa kuti sanapange iwo. N'chifukwa chake chimapsetsa mtima: ukafuna woti umukalipire, aliyense amangokhala wotumidwa.

Nditabwerera ndinawauza zonse, titakhala pamphasa m'nyumba. Anayankha ndi Sakina, maso ali gwa pa ine. "Dothi la pamanda a mchimwene wanga silinaume, inu mwayamba kale kuwakokera kunja alamu anga? Kwanu mumatero, kwathu iyayi." Ndinamuleka. Nayenso anali ndi chisoni chake, ndipo sananame: mwambo unali umenewo.

Masabata anapita. Ndikalowa kukawaona ndinkawapeza atakhala moyang'ana khoma, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja, nyali ija ikadali pawindo. Za kulembetsa sankazitchula, inenso ndinasiya. Ndinaganiza kuti agonja. Wailesi inkangokumbutsa tsiku ndi tsiku kuti nthawi ikutha, ngati kuti aliyense wosalembetsa ndi waulesi.

Tsiku lomaliza, kumayambiriro kwa Meyi, ndikusesa pabwalo m'mawa, ndinamva dzina langa kuchokera ku nandolo kuja. Anali Abiti Lajabu, atafunda nsalu yakuda yothethekeratu kuyambira kumutu, maso okha akuoneka.

"Achemwali, ndiperekezeni."

Sakina anatuluka kumbuyo kwawo, chikho chili m'manja. "Alamu, mukupita kuti? Inu amene? Inu amene mumatsekera ana a eni ake?"

Abiti Lajabu anatembenuka. Sanakweze mawu, sankadziwa n'komwe kukweza mawu. "Alamu, mchimwene wanu ali ndi manda. Ali ndi sanda. Sadaka ya masiku atatu tinadya, ya arubaini tidzadya akakwana masiku makumi anayi. Asumani alibe dzenje, alibe nsalu, alibe ngakhale mbale imodzi ya mpunga. Bambo wake akanakhala pano akanati pita."

"Mukatuluka pampanda apo, musadzanenenso kuti munamulira."

Anaima pampandapo kanthawi. Kenako anadutsa.

Kusukulu tinapeza mzere wafika ku chimbudzi cha ana, chifukwa anthu ambiri anadikira tsiku lomaliza, ena kuopa, ena kukolola. Titafika phokoso linatsika ngati walowa mphunzitsi wamkulu. Amuna achisilamu anayang'ana pansi, ena anasuntha kuwapatsa malo ngati akudutsa ndi matenda. Akazi ndiye ankagwedezana zigongono. Pamzere womwewo panali mtsikana uja anadzudzulidwa chifukwa choyang'ana basi, tsopano ali mayi wa ana ake. Anadikira mpaka titaima kumbuyo kwake, n'kunena osatembenuka, mokweza kuti onse amve: "Mpatse chathunthu." Abiti Lajabu anamva. Anangokoka nsalu kuphimba nkhope.

Mzere unkayenda ngati kamba. Munthu aliyense amufunse dzina, mudzi, mfumu, chaka chobadwa chimene ambiri sankachidziwa, ndiye ayambe kukumbutsana za njala ya 1949 ndi dzombe. Dzuwa linakwera. Titayandikira tebulo, poti tikuona ndi cholembera chomwe, a Benedicto anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Pepani nonse. Mapepala atha. Tatumiza uthenga ku boma, galimoto ikubwera nawo. Dikirani pang'ono."

Tinadikira. Munthu wa mu eda, woti ngakhale kumpanda safika, anakhala pabwalo la sukulu tsiku lonse, pamaso pa mudzi wonse, amuna akudutsa uku ndi uku. Ndinawatengera pansi pa mtengo wa bulugamu n'kukhala kutsogolo kwawo kuti ndiwatchinge, koma thupi langa ndi laling'ono. Ndinawapatsa chinangwa, anakana. Nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, itakwana anaswalira pomwepo, pa chitenje changa. Ndinawauza kuti tibwerere, ndidzakuitanani galimoto ikafika. Anati, "Ndatuluka kale. Kutuluka kawiri sindingathe."

Dzuwa litapendeka tinaona fumbi kumsewu wochokera ku Njuli. Anthu anadzuka, kuthamangira pamzere, kukankhana, aliyense kufuna malo ake akale. Abiti Lajabu anadzuka msanga kuposa ine. Galimoto inakhota, n'kulowa pabwalo, n'kuima.

Inali lole. Lole yomwe ija. Kutsogolo kunatsika mayi Bernadetta atavala nsalu ya chipani, akuti kuli msonkhano waukulu sabata yamawa ndipo amayi akufunika kukakonzekera nyimbo. Anaona kuti tasonkhana pamodzi, ntchito yawaphweka. Anayamba kuitana mayina monga mwa kale, popanda pepala, mmodzi mmodzi. Chaka chimenecho anthu anali atayamba kulimba mtima, ndiye okwera anali ochepa, ambiri ankangoyang'ana kumwamba ngati sakumva. Kenako maso awo anagwa pa nsalu yakuda ija.

"Abiti Lajabu! Ndi inu? Poti mwatuluka, ndiye kuti eda yatha. Kwerani, mawu anu timawasowa."

Ine ndinali nditatola kale mwala, sindibisa. Koma Abiti Lajabu anandigwira mkono ndi dzanja lawo lalikulu lija, n'kuchotsa nsalu kunkhope. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinawamva akulankhula mokweza pagulu.

"Mayi Bernadetta, amene mukumuitanayo kulibe. Funsani bambo ali patebulowo. Ayang'ana m'buku lawo, Abiti Lajabu mulibe. Munthu woti kulibe angavine bwanji?"

Mayi Bernadetta anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Wina kumbuyo anaseka, wina naye, kenako amayi awiri amene anali atakwera kale anatsika. Lole inachoka ndi anthu owerengeka okha, fumbi lake n'kutigwera m'maso. Ndinganame kuti sindinakondwe. Koma kukondwa kwake kunali kwa kanthawi, chifukwa galimoto imene tinkadikira sinali imeneyo, ndipo sinabwere.

Dzuwa likulowa a Benedicto ananyamula tebulo kulowetsa m'kalasi. Anthu anawazungulira, ena kukuwa, ena kupempha. Ine ndinawatsatira mpaka pakhomo. Ndinati lembani dzina lawo pa pepala lililonse, ngakhale la m'kope la mwana wasukulu, mukapereke ku boma kuti munthu uyu anabwera. Anati pepala lopanda chidindo silingagwire ntchito. Ndinati ndiye mawa. Anati mawa kulibe, lero ndiye lomaliza. Misozi inali m'maso mwawo, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera mkwiyo, chifukwa misozi ya mphunzitsi sungaiponye m'bokosi.

Tinabwerera kuli mdima. Kunyumba tinapeza Sakina wamanga kale katundu wake. Sanatukwane. Anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa, alamu," n'kunyamuka ulendo wa ku Ndunde. Abiti Lajabu analowa m'nyumba n'kukhalanso pamalo pawo paja, kuyang'ana khoma, ndipo eda anaipitiriza mpaka kumapeto ngati kuti sinathyoke. Koma mudzi sunaiwale. Pa sadaka ya arubaini achibale a Che Twaha anaphikira kwawo, kuno kunangobwera anthu owerengeka, mpunga unatsala m'miphika. Eda itatha, patapita masabata angapo, kunamwalira mayi wina wachisilamu kufupi ndi kwathu. Uthenga unadutsa pakhomo pa Abiti Lajabu osaima, kupita kwa mayi wina wa kutsidya. Sanawaitanenso kukasambitsa maliro mpaka imfa yawo.

Pochapa zovala za malemu kuti azigawe, ndinapeza chiphaso cha Che Twaha m'thumba la mkanjo, chopindidwa bwinobwino monga amapindira matelala. Wakufa anali ndi chilolezo chovota, wamoyo alibe. Ndinawapatsa Abiti Lajabu. Anachiyang'ana, ngakhale sankatha kuwerenga, n'kuchiika pansi pa nyali pawindo paja.

Anthu amandiuza kuti nyali inapambana, ndiye voti imodzi ikanasintha chiyani. Amene amanena zimenezo ndimafuna kumufunsa ngati pamaliro a mwana wake angalole kuti ena alire m'malo mwake, poti olira ndi ambiri kale. Ena amati lamulo ndi lamulo, likanapindika kwa mmodzi akuba akanalowerapo. Chabwino. Koma boma limene linatha kupeza mwana m'mimba, likanalephera bwanji kulemba mayi wa imvi amene linamuvinitsa zaka zonse zija? Mayina athu anali nawo kale. Akanangotenga omwewo n'kuti nonse akuluakulu a mudzi uno ndinu ovota, bwerani pa tsikulo. Abiti Lajabu akanatuluka kamodzi kokha, n'kuchita chimene anatulukira. Ndipo sanali okha. Ndikudziwa wodwala amene analibe womunyamula, ndikudziwa mayi amene anali m'chikuta, ndikudziwa anyamata amene anali kuganyu ku esiteti n'kubwera mochedwa. Onsewo pofuna khadi ankawapeza.

Tsiku lovota, mu Juni, kunali kozizira, kachiperoni kakuwaza. Ndinapita m'mawa, ndinalowa ndekha, ndinasankha nyali, anandiviika chala mu inki. Potuluka anthu ankaonetsana zala ngati ana ovala malaya atsopano. Ine sindinaime. Ndinadutsa pa nandolo paja n'kulowa kwa Abiti Lajabu. Ndinawapeza atasesa m'nyumba monse, atasamba, atakhala pamphasa moyang'ana khomo osati khoma.

"Mwapita?"

"Ndapita."

"Tandionetsani."

Ndinawapatsa dzanja. Anagwira chala changa n'kuchiyang'anitsitsa, kuchitembenuza uku ndi uku. Kenako anachikanikiza pa chala chawo, mwamphamvu, n'kuchipaka ngati mmene umapakira mankhwala. Atachotsa anayang'ana chala chawo. Inki inali itauma kale, sinasiye kanthu.

Apa ndinanena chopusa. Ndinati, "Achemwali, musadandaule. Ine ndavotera tonse awiri."

Anandibwezera dzanja langa pamwendo panga, pang'onopang'ono, n'kuliphimba ndi lawo.

"Iyayi, achemwali. Inu mwavotera ana anu, ndipo mwachita bwino. Wanga akadali panja."